Munthu wolemera saopa kulipa nkhuku

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za kiriketi, masewero amene ambiri kuno ku Mulanje timangowamvera patali. Wina asati nza azungu okha. Timu yathu ya Malawi inasewera ndi Mozambique mu Kwacha Cup m'chaka cha 2019, choncho malamulo a bungwe la ICC amatimanga nafenso.

Woponya akaponya mpira ka 6, ova imodzi yatha. Pa masewero a Test, a masiku asanu aja, pamafunika maova 15 pa ola. Koma osewera amazengereza. Kaputeni akunong'onezana ndi woponya, wina akuitanitsa madzi, wina akumanga nsapato, anthu olipira pakhomo ali tong'o padzuwa.

Kwa zaka zambiri chilango chachikulu chinali kuwadula malipiro. Nanga munthu wa khola lodzaza ng'ombe mukamlipitsa nkhuku, amva kuwawa? Anayamba kulira atayamba kulandidwa mapointi. Mu December 2020 ku Melbourne, Australia inaperewera maova 2 okha posewera ndi India, nilandidwa mapointi 4. Mapointi omwewo anaimanitsa fainolo ya 2021. New Zealand ndiyo inalowa, nitenga chikho. Mu 2023 England inalandidwa mapointi 19 pa mpikisano wa Ashes.

Koma chimene chandigwira mtima ine ndi wotchi. Ova ikatha, timu iyambe ina pasanathe masekondi 60. Amachenjeza kawiri, kachitatu adani anu apatsidwa marani 5 aulere, ndiye kuti zigoli zosakhetsera thukuta. Mu June 2024 ku New York, anyamata a America anali ataipanikiza India. Marani 35 amene India inkafuna anasanduka 30 mpira usanamenyedwe, America nigonja.

Izi ndinaziona ndiri pa uhedi. Mwana wochedwa ndikamuuza kuti tidzaonana Lachisanu, m'mawa mwake ankachedwanso. Nditayamba kutseka chitseko belu likangolira, masamu nkumamdutsa iye ali pakhonde, ngakhale a kutsidya kwa mtsinje anayamba kufika mame asanaume.

A mpira wamiyendo nawo adzuka. Kuyambira 2025 goloboyi akafungatira mpira kupitirira masekondi 8, adani apatsidwa kona. Oyimbira a m'mabwalo athu a kumudzi, kodi mwamva? Ife okalamba timafuna kufika kunyumba kusanade, njira za m'minda ya tiyi nzoterera.

Abusa musandiyang'ane choncho, za kutalika kwa ulaliki sindinatchulepo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mulanje