Makina Anzeru Akudya Magetsi, Utsi Ukuchuluka

Mlimi akafunsa pa foni za njira yothana ndi mbozi za m'chimanga, makina anzeru otchedwa AI n'kumuyankha pomwepo, zimaoneka ngati thandizolo ndi laulere. Komatu yankho limenelo limakonzedwa kutali, m'nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta ogwira ntchito usana ndi usiku. Makompyutawa amatentha kwambiri, kotero pamafunikanso magetsi ena ndi madzi owaziziritsira.

Bungwe la International Energy Agency linapeza kuti mu 2024 nyumba zoterezi zinagwiritsa ntchito pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko lapansi, ndipo likuyembekezera kuti pofika 2030 zidzafuna magetsi owirikiza kawiri. Ku Ireland, mu 2023, zinatenga 21 peresenti ya magetsi a dzikolo.

Nkhani yagona pa gwero la magetsiwo. Ambiri amapangidwa powotcha malasha ndi gasi, zimene zimatulutsa mpweya woipa wa kaboni wotenthetsa dziko. Kampani ya Google, imene inalonjeza kuthana ndi mpweyawu pofika 2030, inavomera mu 2024 kuti mpweya umene inatulutsa mu 2023 unaposa wa mu 2019 ndi 48 peresenti. M'dera lathu lino, nyumba zambiri za makompyuta zili ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene magetsi ambiri amachokera ku malasha a ku Mpumalanga.

Makampaniwa sanangokhala chete. Ena akugula magetsi a dzuwa ndi a mphepo, ngakhale kuti dzuwa limalowa pomwe makompyuta sagona. Mu 2024 Microsoft inasaina pangano la zaka 20 lotsegulanso malo opangira magetsi a nyukiliya ku Three Mile Island, m'dziko la America, amene anatsekedwa mu 2019.

Kodi mlimi zikumukhudza bwanji? Africa yonse imatulutsa mpweya woipa wosakwana 4 peresenti, koma utsi sudziwa malire. Akatswiri anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula ya namondwe Ana, amene mu 2022 anakokolola minda ku Malawi ndi ku Mozambique, n'kuononganso damu la magetsi la Kapichira.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Makina anzeru angathandize pa ulimi, koma alimi ndi alangizi ali ndi ufulu wofunsa atsogoleri awo: magetsi ake achokera kuti, ndipo matope ake aponda ndani?