Kansa ya M'cifu ndi Asilikali a M'thupi

Lero tikambirana za funso limene lasautsa madokotala kwa zaka zambiri. Anthu awiri akhoza kudwala kansa ya m'cifu pa msinkhu umodzi, cotupa cikhale ca ukulu wofanana, mankhwala akhalenso amodzimodzi, koma wina nakhala moyo zaka zambiri pamene mnzace atsirizika msanga. Kodi kusiyanaku kumacokera kuti?

Gwero lalikulu la nthendayi ndi kacirombo kochedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anakazindikira m'caka ca 1982. Kamalowa m'thupi munthu akali mwana, nikakhala m'cifu moyo wace wonse. Akulu ambiri a m'Zambia ali nako, komabe odwala kansa ndi ocepa. Thupi likamenyana ndi kaciromboka, khungu la m'kati mwa cifu limatupa, ndipo ukali wa nkhondoyo umalamulidwa ndi majini. Apa sitikunena mizimu ija ai, koma malangizo olembedwa m'maselo amene munthu amatengera kwa makolo ace. M'caka ca 2000 Emad El-Omar ndi anzace anaonetsa kuti anthu ena ali ndi jini ya interleukin-1 yaukali kopitirira, ndipo mwa iwo kutupako kumaononga cifu kotero kuti kansa imayamba mosabvuta. Mcere wambiri, monga wa nsomba zoumika, ndiponso fodya zimaonjezera ngoziyi. Dr Violet Kayamba ndi anzace a pa University of Zambia anapezanso m'caka ca 2020 kuti odwala kansayi anali ambiri pakati pa anthu opuma utsi wa nkhuni ndi makala masiku onse.

Tsopano tibwere ku cotupa ceniceni. M'caka ca 2014 akatswiri a The Cancer Genome Atlas anapima zotupa za odwala 295, napeza kuti kansa ya m'cifu iri ndi mitundu inai. Iwiri mwa iyo ndiyo itikhudza lero. Woyamba, wopezeka mwa odwala 9 pa 100 alionse, uli ndi kacirombo ka Epstein-Barr m'kati mwace, kacirombo kamene kanadziwika m'caka ca 1964 m'cotupa ca mwana wa ku Uganda. Waciwiri, wochedwa MSI, unapezeka mwa 22 pa 100. Mu mtundu uwu jini yokonza zolakwika m'maselo, kawirikawiri ya MLH1, yaleka kugwira nchito, ndipo zolakwikazo zimangounjikana.

Mungaganize kuti cotupa codzala ndi zolakwika ndico coopsa koposa. Si tero ai. Taganizani za mbala yolowa m'mudzi itabvala malaya acilendo: aliyense amaiona. Maselo a mitundu iwiriyi amaoneka acilendo kwambiri, ndipo asilikali a m'thupi, ochedwa maselo a T, amakhamukira komweko. Ndico cifukwa cace odwala otere kawirikawiri amakhala nthawi yaitali kuposa amene cotupa cao cimafanana ndi maselo abwino, nicibisala mwakacetecete.

Koma kansa nayo iri ndi macenjera. Zotupa zina zimapanga cinthu cochedwa PD-L1, cimene cikakhudza msilikali cimamgonetsa manja. Tasuku Honjo wa ku Japan ndi James Allison wa ku America analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2018 cifukwa copeza njira zomasulira asilikaliwa. Mankhwala monga nivolumab ndi pembrolizumab amacita zomwezo, ndipo amathandiza koposa odwala a mtundu wa MSI. Mtengo wace ndi waukulu ndithu, ndipo si wodwala aliyense amene amathandizidwa nao. Kupima majini kumanena zimene zimacitikira odwala ambiri, sikulosera tsiku la munthu mmodzi. Cimene cimalemera koposa pa muyeso ndi msinkhu umene kansa yafikapo pa tsiku loipeza.

Apa ndipo pali bvuto lathu. Ambiri amafika ku cipatala cotupa citafalikira kale, atakhala miyezi akumwa mankhwala a zilonda za m'mimba ogula okha. Ndipo ofufuza a ku Lusaka aona kuti kuno nthendayi imagwiranso anthu osafika zaka 45.

Cotero ngati muwonda popanda cifukwa, mukhuta msanga nsima yocepa, musanza mobwerezabwereza, kapena cimbudzi cikhala cakuda bii, pitani ku Kafue General Hospital, mufunse ngati muyenera kutumizidwa ku University Teaching Hospital, ulendo wosafika makilomita 50. Kumeneko dokotala amalowetsa kapaipi ka kamera kupyolera pakamwa, natapa kanyama kakang'ono ngati njere ya mapira. Kanyamako ndiko kamapimidwa, ndipo kansa ikapezeka, Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa m'caka ca 2007, iri pafupi pomwepo.