Theme yaulere inandichititsa manyazi kwa mkonzi

Nditamaliza digiri, nkhani zanga ndinaziika pa Blogger kuti akonzi aziona zomwe ndimatha. Linasankha ndi thumba: pa WordPress.com sungalowetse theme yako usanalipire, pomwe pa Blogger, imene Google inagula mu 2003, umangokweza fayilo ya XML mwaulere, ngakhale HTML umatha kuisintha wekha.

Ufulu umenewo ndiwo unandilowetsa m'thengo. Pa intaneti ndinapeza theme yonyezimira, ya zithunzi zoyendayenda pamwamba. Pa laputopu ya mnzanga inkaoneka ngati nyuzipepala yeniyeni, moti ndinatumiza link kwa mkonzi wina ndili ndi matama. Anandiyankha pa WhatsApp kuti tsambalo silikutseguka, koma bundle yawo ikungotha.

Nditayesa pa foni yanga, ndinadikira mpaka kutopa. Mitu inkadukira m'mbali. Pansi penipeni panali link ya amene anapanga theme ija, ndipo nditaichotsa, tsamba langa linayamba kuthamangitsira owerenga kwa iwo. Kodi ndikanadziwa bwanji kuti muli code yobisika? Choipitsitsa, sindinadine Backup ndisanasinthe, ndiye zonse zomwe ndinakonza kale zinapita.

Anzanga, owerenga athu ali pa foni, ndipo chithunzi chilichonse chimadya ndalama yawo. Theme muziyesa pa data, osati pa Wi-Fi ya ku ofesi.

Ine ndinabwerera ku Contempo, imodzi mwa ma theme a Blogger omwe. Ndinangosintha mtundu ndi zilembo. Mkonzi uja sindinamutumizirenso link, manyazi adakalipo.