Swala ya wapaulendo m'sitima yodutsa mayiko

Wamalonda wa ku Nathenje kapena ku Mitundu amene akukapikula katundu ku Dar es Salaam sakwera sitima pakhomo. Amayamba ndi basi ya mumsewu wa M1, kudutsa Mzuzu ndi Karonga, kuwoloka malire pa Songwe, n'kukapeza sitima ya TAZARA ku Mbeya. Amene ali ndi zochita ku Zambia amakakwerera ku Kapiri Mposhi, kumene njanjiyi imayambira, n'kuyenda makilomita 1,860 kukafika kunyanja yamchere. Ulendo wotere umagoneka munthu m'bogi usiku uwiri, nthawi zina kuposa apo. Ndiye nthawi za Swala zimamupeza ali pampando, sitima ikugwedezeka, ndipo mafunso amene timamva kwa apaulendowa amabwera mobwerezabwereza.

Mafunsowa si achilendo. Chaka cha 1908, pamene njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, inafika ku Blantyre, ndi chaka chomwe njanji ya Hejaz, imene Sultan Abdul Hamid II analamula kuti imangidwe, inafika ku Madina kuchokera ku Damascus. Ulendo umene ngamira zinkayenda masiku pafupifupi 40 unasanduka wa masiku ochepa. Kuno kwathu, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, munthu ankatha kukwera ku Blantyre, kutsikira ku Dondo pafupi ndi Beira, n'kulumikiza sitima ya ku Umtali ndi Salisbury. Ambiri mwa agogo athu amene anakagwira ntchito ku Rhodesia, ndipo ena anamangako mizikiti, anadutsa njira imeneyo, ngakhale osauka ambiri ankayenda wapansi. Njanji ya ku Nacala inalumikizidwa kudzera pa Nayuchi mu 1970, ndipo TAZARA, yomangidwa ndi chithandizo cha dziko la China, inamalizidwa mu 1975.

Choyamba chimene ma Ulama anayenera kuyankha ndi ichi: ngati sitima yachotsa mavuto a ulendo, kodi chilolezo chofupikitsa Swala chidakalipo? Yankho la madhhab onse anayi ndi lakuti chilipo. Lamulo, monga likuchokera mu Surat An-Nisaa ndime 101 ndi m'machitidwe a Mtumiki (SAW), linamangidwa pa ulendo weniweniwo, osati pa kutopa. Kutopa sikuyezeka: wina amatopa pa mtunda waufupi, wina amafika ku Dar ali wamphamvu. Mtunda ndiwo umayezeka.

Mu madhhab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a m'Malawi timatsatira, mtundawo ndi ma farsakh 16, amene masiku ano amawerengedwa kuti ndi makilomita pafupifupi 81. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti chidindo cha pa pasipoti ndicho chimapangitsa munthu kukhala musafir. Sichoncho. Wa ku Nathenje amene wawoloka mlatho wa Diamphwe, n'kudutsa chipata cha ku Dedza kukagula mbatata tsidya la Mozambique pafupi ndi malire, walowa dziko lina koma mtunda sunakwane. Aswali marakaa anayi. Mnzake amene wapita ku Kasungu sanatuluke m'Malawi, koma ndi wapaulendo. Ndipo wa ku Dar uja sayembekezera kufika pa Songwe kapena pa siteshoni ya Mbeya: akangosiya nyumba zomaliza za kwawo ali ndi cholinga cha ulendo wautali, chilolezo chayamba.

Chilolezocho chili pawiri. Dhuhr, Asr ndi Isha amazifupikitsa kukhala marakaa awiri. Maghrib ndi Fajr sizifupikitsidwa. Kenaka akhoza kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha, pa nthawi ya yoyamba kapena ya yachiwiri. Kwa wokwera sitima kuphatikizaku ndiko kothandiza kwambiri, chifukwa akhoza kudikira siteshoni imene sitima imaima nthawi yaitali, monga pa malire a Nakonde ndi Tunduma, n'kuswali pansi polimba. Abale athu a madhhab a Imam Abu Hanifa amafupikitsa koma saphatikiza, kupatula pa Arafa ndi Muzdalifa; mukawaona akuchita mosiyana m'bogi lomwelo, musawadzudzule.

Vuto lenileni ndi Fajr. Siphatikizidwa ndi ina iliyonse, nthawi yake ndi yaifupi, ndipo sitima siima chifukwa kwacha. Hadith ya Jabir (RA) mu Sahih Al-Bukhari ikufotokoza kuti Mtumiki (SAW) ankaswali Swala za sunna ali pa chokwera chake kulikonse kumene chaloza, koma ikafika ya faradhi ankatsika n'kuyang'ana ku Qibla. Wa m'sitima sangatsike, choncho ma Ulama anamuyerekeza ndi wa m'chombo: aimirire ngati angathe, ayang'ane ku Qibla, ndipo chikakhota nayenso atembenuke. M'dera lonse limene TAZARA imadutsa Qibla ili kumpoto, mopendekera pang'ono kum'mawa. Pofika ku Dar es Salaam ili pafupifupi kumpoto kwenikweni. M'mabogi ogona malo oimirira amapezeka. M'bogi lodzaza, mmene matumba a mpunga atseka njira, zimakanika. Pamenepo a Shafi'i amati munthu aswali mmene angathere polemekeza nthawi, kenaka adzabwereze Swalayo akatsika. Ena mwa ma Ulama samulamula kubwereza. Ife timaona kuti kubwereza marakaa awiri sikulemetsa aliyense, ndipo kumachotsa chikaiko.

Wotchi nayo imanyenga. Malawi, Zambia ndi Mozambique zili pa nthawi imodzi, koma Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Powoloka pa Tunduma foni imadumpha ola, koma dzuwa silinadumphe. Kalendala ya nthawi za Swala yomwe munaichotsa pakhoma la mzikiti wa ku Mitundu sigwira ntchito ku Ifakara. Nthawi ndi ya pamalo pamene muli, ndipo wosala mu Ramadhan amene sanagwiritse ntchito chilolezo chomasula amafutulu dzuwa likalowa pa zenera la bogi lake.

Nanga ulendo umatha liti? Kwa a Shafi'i, amene watsimikiza kukhala pamalo masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lochoka, wasiya kukhala wapaulendo pongofika. Kwa a Hanafi malirewo ndi masiku 15. Koma amalonda athu nthawi zambiri amagwera m'gulu lina: katundu sanatuluke kudoko, kapena sitima yobwerera yachedwa, ndipo tsiku lililonse akuti mwina mawa. Munthu wotero, amene anganyamuke nthawi iliyonse chosowa chake chikatheka, mabuku a Shafi'i amamulola kufupikitsa mpaka masiku 18. Akapitirira pamenepo ali chidikirire, amayamba kuswali marakaa anayi, ngakhale chikwama chili chimangire.