Chifuwa cha m'ndende sichithera kumpanda

Ambiri amene amadutsa pa boma la Ntcheu pamsewu wa M1 saganizako za ndende ya m'bomali. Amati za m'ndende n'za akaidi okha. Komatu pankhani ya chifuwa chachikulu cha TB, zimene zimachitika m'zitolokosi usiku zimadzafika mpaka ku Tsangano, Lizulu, Nsipe ndi Bilira, kumene akaidiwo amabwerera akatuluka.

Momwe chimafalikira

TB imayamba ndi tizilombo tating'ono kwambiri tomwe katswiri wa ku Germany, Robert Koch, adatitulukira m'chaka cha 1882. Wodwala akatsokomola, kuyetsemula ngakhale kuyankhula, tizilomboti timatuluka n'kumayandama mumpweya kwa maola angapo. Matendawa safala pogwirana chanza kapena kudyera mbale imodzi. Amafala popuma mpweya umodzi.

Panja, mphepo imamwaza tizilomboti ndipo dzuwa limatipha. M'chitolokosi zinthu n'zosiyana. Akaidi amatsekeredwa dzuwa lisanalowe mpaka m'mawa, mawindo ndi aang'ono, ndipo ndende za m'dziko muno zimasunga anthu ochuluka kuposa amene zidamangidwira. Munthu mmodzi wotsokomola amapumitsa anzake onse mpweya wa matenda usiku wonse.

Si aliyense wopuma tizilomboti amene amadwala. Mwa anthu ambiri timangogona m'thupi, chitetezo chitatipanikiza. Timadzuka chitetezocho chikafooka chifukwa cha njala kapena kachilombo ka HIV. N'chifukwa chake chakudya cha m'ndende, chomwe nthawi zambiri chimakhala nsima ya nyemba kapena nandolo kamodzi patsiku, chili nkhani yaikulu ya zaumoyo.

Vutoli lidadziwika kalekale

Kafukufuku amene adachitika kundende yaikulu ya Zomba m'chaka cha 1996 adapeza kuti pafupifupi akaidi 5 mwa 100 alionse oyezedwa adali ndi TB ya m'mapapo. Mu 2009, pamlandu umene mkaidi Gable Masangano adasumira boma, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kuthithikana ndi kusowa mpweya wabwino m'ndende n'kuphwanya ufulu wa anthu. Lidapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka, koma kufikira lero vutoli likadalipo.

Matendawa sasankha. Nelson Mandela naye adadwala TB mu 1988 ali m'ndende ya Pollsmoor. Malamulo a bungwe la United Nations osamalira akaidi, omwe adakhazikitsidwa mu 2015 ndipo amatchedwa ndi dzina lake, amati mkaidi alandire chithandizo cha zaumoyo chofanana ndi cha munthu wakunja.

Chimene chimathandiza

Choyamba ndi kuyeza: mkaidi akamalowa, ali m'katimo, komanso akamatuluka. Makina a GeneXpert amayeza makhololo n'kupereka zotsatira m'maola pafupifupi awiri. Wopezeka ndi matendawa amamwa mankhwala kwa miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha Ntcheu, mankhwalawa ndi aulere. Akamwa mwandondomeko kwa masabata angapo, mpata wopatsira anzake umachepa kwambiri.

Ntchito zotulutsa akaidi panja nazo ndi mankhwala. Ulimi, ukalipentala ndi sukulu, zomwe nthambi ya ndende imalimbikitsa pofuna kusintha khalidwe la akaidi, zimawapatsa maola opuma mpweya wabwino, pomwe zokolola za kumunda zimathandiza pachakudya. Makhoti oyendera m'ndende, belo ndi chilango chogwira ntchito zothandiza anthu m'malo motsekeredwa, zimachepetsa anthu m'chitolokosi.

Mbali yanu

Ngozi yaikulu ili patsiku lotuluka. Mkaidi akamasulidwa mankhwala asanathe n'kuwasiya, TB imabwerera, mwinanso yosamva mankhwala, yomwe kuchiza kwake n'kovuta. Choncho mbale wanu akatuluka, mufunseni ngati anali pamankhwala a TB kapena ma ARV, ndipo mumuperekeze ndi khadi lake kuchipatala chapafupi sabata yomweyo.

Akamatsokomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda, akayezetse, pamodzi ndi onse ogona naye nyumba imodzi, makamaka ana osakwana zaka 5. Musamusale. Mutsegulireni mawindo, mumupatse chakudya, ndipo muonetsetse kuti wamaliza mankhwala ake.