Kampasi ndi Rula: Nzeru ya Cingwe ndi Cikhomo

Mwana akalowa sukulu ya sekondale, aphunzitsi amafuna kuti akhale ndi kabokosi ka zipangizo za masamu. Makolo ena, poona kuti ndalama zacepa ndipo feteleza sanagule, amati kabokosiko kayambe kadikira. Inu makolo, katseguleni muone. Mudzapezamo rula ndiponso kampasi, kacitsulo ka miyendo iwiri, wina wosongoka ngati singano, wina wogwira pensulo. Nchito yake muidziwa kale.

Munthu pofuna kumanga nkhokwe kapena nyumba yozungulira amakhoma cikhomo pansi, namangapo cingwe, ndi kuzungulira ataciwongola bwino, akulemba pansi ndi kamtengo. Malo onse a pa mzere umenewo ali pa mtunda umodzimodzi kucokera pa cikhomo. Kampasi icita cimodzimodzi pa pepala. Mzere wotere, umene malo ake onse amvera lamulo limodzi, aphunzitsi amaucha locus. Mbuzi yomangidwa pa mtengo, ikadya udzu kufikira pamene cingwe cithera, imasiya locus yooneka ndi maso.

Tsono tiyeni tione pamene nzeruyi ingathetse mkangano. Tinene kuti midzi iwiri yalandira citsime cimodzi, ndipo mfumu iliyonse ifuna kuti cikumbidwe kufupi ndi kwao. Azimai ndiwo adzasenza mitsuko, motero nkhaniyi si yamasewera. Mwana wa sekondale angalembe midziyo pa pepala monga timadontho tiwiri. Atambasule kampasi kupitirira theka la mtunda wa pakati pao, aike singano pa dontho loyamba ndi kulemba mauta awiri, wina kumtunda, wina kumunsi. Popanda kusintha kampasiyo, acite cimodzimodzi pa dontho laciwiri. Mautawo adzapingasana pa malo awiri, ndipo rula ikalumikiza malowo patuluka mzere wowongoka. Paliponse pa mzerewo, mtunda wopita ku mudzi uwu ulingana ndi wopita ku mudzi uwo.

Ubwino wake ndi wakuti yankho si malo amodzi okha. Ngati pakati penipeni pali thanthwe, kapena manda, kapena akatswiri apeza kuti pansi palibe madzi, anthu angasunthe motsata mzerewo popanda mudzi wina kudandaula kuti waponderezedwa, ngakhale kuti ulendo utalika kwa onse. Midzi ikakhala itatu, mizere iwiri yotere ikumana pa malo amodzi basi. Apa mpofunika kucenjera, pakuti midzi itatuyo ikakhala ngati yandandalika mu mseu umodzi, malowo angagwe kutali m'thengo kumene palibe angakondwe nako. Masamu aonetsa malo olingana, koma akulu a mudzi ayenera kukhalabe pansi ndi kuweruza.

Amisiri omanga nyumba za njerwa nawonso ali ndi yao. Cingwe ca mamita 12 acipinda kuti mbali zake zikhale mamita 3, 4 ndi 5, ndipo pamene mbali ya 3 ikumana ndi ya 4 papezeka ngodya yowongoka ya madigiri 90.

Maphunzirowa ndi akale ndithu. Euclid, amene anaphunzitsa mu mzinda wa Alexandria ku Egypt zaka pafupifupi 300 Kristu asanabadwe, anawasonkhanitsa m'buku lake lochedwa Elements. Agiriki anadziikira lamulo louma: rula ndi yolembera mzere wowongoka cabe, osati yopimira, ndipo cotsala conse icite ndi kampasi. Mwana polemba mayeso asafafanize timauta tija poganiza kuti ndi litsiro, pakuti oconga amafuna kutiona monga umboni wakuti sanangoyerekeza ndi maso. Pensulo ikhale yosongoka, ndipo kampasi yolobodoka imangidwe tsiku lisanafike.

Komabe zipangizo ziwirizi zili ndi malire. Kugawa ngodya pawiri molingana ndi nchito ya mphindi imodzi, koma njira yogawira ngodya iliyonse patatu inasautsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 2,000. Mu 1837 Pierre Wantzel wa ku France anatsimikiza kuti njira yotero kulibe, ndipo ngakhale ngodya ya madigiri 60 siingagawidwe patatu ndi kampasi ndi rula zokha. Mu 1882 Ferdinand von Lindemann wa ku Germany anatsekanso mkangano wina, wa kulemba sikweya yofanana malo ndi cozungulira. Koma zina zimene akale sanazipeze zinatheka: mu 1796 Carl Friedrich Gauss anaonetsa kuti cithunzi ca mbali 17 ndi ngodya 17 zolingana cingalembedwe ndi zipangizo zomwezi. Pa nthawiyo anali mnyamata wa zaka 18.