Kodi Woliza Mbale Ndi Woimba?

Mu mzinda wa Lusaka muli mkangano umene sunathe. Munthu akafuna kucititsa ukwati ku Chelstone kapena phwando ku Kabulonga ayenera kusankha: kodi aitane gulu la oimba ndi magitala ao ndi ng'oma zao, kapena aitane munthu mmodzi, amene masiku ano amchula DJ, wobwera ndi makina ndi nyimbo zojambulidwa kale? Oimba ati DJ sali woimba ai, pakuti angodyera thukuta la anzace. Ma DJ ati nchito yao icitika pamaso pa anthu monga ya woimba ali yense. Mlandu umenewu suli wa dzina cabe, cifukwa m'kati mwace muli ndarama ndi ulemu.

Mkanganowu ndi wakale ndithu. Ku America, m'caka ca 1942, bungwe la oimba lotsogozedwa ndi James Petrillo linaletsa anthu ace kujambula mbale za gramafoni kufikira 1944, poona kuti mbalezo zinali kuwalanda nchito. Ku Lusaka mbale zinachuka cifukwa ca wailesi. M'caka ca 1949 kunafika wailesi ya mtengo wocepa yochedwa Saucepan Special, ndipo anthu ambiri a m'makomboni ndi a ku migodi anayamba kumvera Central African Broadcasting Station. Programu imene anaikonda koposa inali Zimene Mwatifunsa: munthu analemba kalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ace, ndipo muulutsi anawerenga maina naika mbale. M'nyumba yomweyo Alick Nkhata ndi anzace anali kuimba ndi pakamwa pao ndi magitala. Panalibe wosokoneza nchito ziwirizi, pakuti muulutsi sanaone omvera ace, ndipo mbale inalira kuyambira poyamba kufikira potsiriza monga momwe inajambulidwira.

Pakati pa zaka za 1970 President Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo magulu onga WITCH, Ngozi Family ndi Musi-O-Tunya anamveka m'dziko lonse. Koma mtengo wa mkuwa unagwa, ndarama zinasowa, ndipo kunabwera disko. Mwini nyumba yobvinira anapeza kuti kulipira munthu mmodzi wa mbale n'kwapafupi koposa kulipira anthu asanu a zoimbira, cotero magulu ambiri anabalalika. Ici ndico cifukwa cace oimba acikulire samchula DJ ndi mtima woyera.

Komabe nchito ya woliza mbale inali itasinthika kutsidya kwa nyanja. Pa 11 August 1973, ku Bronx mu mzinda wa New York, mnyamata wobadwira ku Jamaica, Kool Herc, analiza mbale pa phwando limene lakumbukika kufikira lero. Iyeyu anaona kuti obvina akondwa koposa pamene mau aleka ndi kutsala ng'oma zokha. Tsono anayamba kutenga mbale ziwiri za nyimbo imodzi, naziika pa magramafoni awiri, nabwereza cigawo comweco kawirikawiri osadukiza. Ku Chicago, kuyambira 1977, Frankie Knuckles anali kulumikiza nyimbo usiku wonse m'nyumba yochedwa Warehouse, kumene kunacokera dzina la nyimbo za house.

Kalumikizidwe kace ndi kotere. Pamene nyimbo yoyamba ili kulira kwa anthu, DJ amvera yaciwiri yekha m'makutu mwace. Nyimbo za house zigunda pafupifupi ka 120 kapena kupitirira pang'ono pa mphindi imodzi, ndipo iye afulumiza kapena kucedwetsa yaciwiriyo kufikira kugunda kwace kulingane ndi kwa yoyamba. Pamenepo acepetsa ng'oma za ina nakweza za inzace, kotero kuti wobvina sazindikira pamene nyimbo yasinthira. Akalakwa pang'ono, ng'oma ziombana monga minsi ya akazi awiri osinja mtondo umodzi osamvana, ndipo bwalo lonse limva colakwaco nthawi yomweyo.

Wofuna kumvetsa bwino aganize za ng'oma zimene zilira pa Kabwata Cultural Village, kapena za mbalule ya gule wamkulu kwa Acewa. Woomba mbalule sapeka kaombedwe katsopano tsiku ndi tsiku. Anakalandira kwa akuluakulu. Luso lace lili m'maso, pakuti ayang'ana mapazi a wobvina nawatsata. DJ waluso acitanso cimodzimodzi. Akaona kuti anthu atopa ndi amapiano a ku South Africa aponya kalindula, ndipo amai ndi azibambo amene anali cikhalire anyamuka. Akale anati nyimbo imodzi sacezera gule, ndipo wodziwa nyimbo yoyenera kutsata inzace ali ndi nzeru yeniyeni. Kusiyana kulipo kumodzi: woomba ng'oma aturutsa mau ndi dzanja lace, koma DJ asankha ndi kulumikiza mau amene ena anaturutsa.

Nawonso odandaula ali ndi mfundo. Makina a masiku ano ali ndi batani lolinganiza nyimbo ziwiri lokha, ndipo munthu akhoza kulumikiziratu nyimbo za usiku wonse pa kompyuta kunyumba kwace. M'caka ca 2012 Joel Zimmerman wa ku Canada, wodziwika ndi dzina la Deadmau5, anabvomera poyera kuti iye ndi anzace ambiri ochuka sacita zambiri pa bwalo koposa kukanikiza batani loyambitsa. Wotere angogwedeza manja pamwamba pa nchito imene inatha kale.

Cotero muyeso wace ndi uwu. Ngati munthuyo angacoke pa tebulo ora lathunthu ndipo nyimbo n'kupitirira monga akadakhalapo, iye ndiye mlonda wa makina cabe. Koma ngati kucoka kwace kungaononge gule, ngati asintha nyimbo poona obvina, ngati akhoza kulakwa ndi kucita manyazi pamaso pa anthu, ndiye kuti nchito yace icitika pomwepo, ndipo ayenera mphotho ya mmisiri ngakhale sali woimba.

Mwini phwando ku Woodlands kapena ku Kabwata acita bwino kufunsiratu kuti ali kulipira uti mwa awiriwa. Ndipo DJ asaiwale kuti nkhokwe imene atapamo anadzaza ndi ena. Bungwe la ZAMCOPS lisonkhanitsa ndarama za eni nyimbo kwa onse oziliza poyera, ndipo kulipira kumeneko ndi mangawa, si mphatso ai. Oimba akaleka kuimba cifukwa ca njala, woliza mbale adzasowa coika pa makina ace.